Khomo la community college ndi lotsegula, koma mkati mwake muli makomo ena

Kalata yondilandira ku koleji inafika patangopita masiku awiri nditatumiza fomu yanga pa intaneti, ndipo ndinaiwerenga kangapo pa nthawi yopuma, m'nyumba yosamaliramo okalamba mmene ndinkagwira ntchito ya usiku. Ndinali ndi zaka 38, ndinali nditakhala ku America miyezi 6 yokha, ndipo mtima wanga wonse unali pa unamwino. M'kalatamo munali nambala yanga ya wophunzira ndi mawu ondiyamikira, moti ndinaona ngati gawo lovuta la ulendo latha. Panapita pafupifupi chaka ndisanamvetse kuti kalata yotere amailandira pafupifupi aliyense amene wapempha malo, ndi kuti zinthu zimene zimachititsa munthu kumaliza maphunziro kapena kulekera panjira zimabwera kalatayo itafika kale. Anthu angapo a chiyankhulo chathu akhala akundifunsa kuti kodi makoleji a mtundu umenewu, otchedwa community college, amafuna chiyani kuti munthu alowe. Yankho lalifupi ndi lakuti amafuna zochepa kwambiri, koma yankho lalifupi lomwelo ndi limene linandisocheretsa ine, n'chifukwa chake ndasankha kulemba lalitali.

Community college ndi koleji ya boma ya zaka ziwiri imene imatumikira anthu a dera limene yamangidwamo, ndipo m'dziko la United States makoleji otere alipo pafupifupi 1,000. Amapereka digiri yotchedwa associate, imene kawirikawiri imafuna ma credit 60, komanso masatifiketi a ntchito zaluso amene ena amatha m'miyezi yochepa. Credit imodzi imaimira pafupifupi ola limodzi la m'kalasi pa sabata kwa semesita yonse, ndipo kalasi wamba imakhala ya ma credit 3. Yakale kwambiri mwa makoleji a boma amene akadalipo ndi Joliet Junior College ya ku Illinois, imene inayamba mu 1901 ndi ophunzira 6, pamene J. Stanley Brown, woyang'anira sukulu ya sekondale ya m'tauniyo, anagwirizana ndi William Rainey Harper, mtsogoleri wa University of Chicago, kuti achinyamata aziphunzira zaka ziwiri zoyambirira za kuyunivesite asanachoke kwawo. Dzina lakuti community college linafala pambuyo pa 1947, pamene bungwe limene Pulezidenti Harry Truman anakhazikitsa kuti liunike maphunziro apamwamba linalimbikitsa zoti makoleji otere achuluke ndi kuti munthu wamba aziwakwanitsa. Chigawo cha California chinaika ganizo limeneli m'dongosolo lake la 1960, limene linagawa ntchito motere: University of California izisankha ophunzira pakati pa gawo limodzi mwa magawo 8 a amene akhoza bwino koposa ku sekondale, makoleji amene lero ndi California State University azisankha pakati pa gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo makoleji a zaka ziwiri azilandira aliyense amene angapindule ndi maphunziro.

Zofunika kuti munthu alandiridwe zimachokera pa ganizo limenelo. M'makoleji ambiri chimene amafuna ndi umboni wakuti munthu anamaliza sekondale, kapena kuti anakhoza mayeso olowa m'malo mwa sekondale monga GED kapena HiSET. Safunsa zotsatira za SAT kapena ACT, mayeso olowera kuyunivesite, monga chinthu chokakamiza, safuna makalata ochitira munthu umboni, ndipo safuna kuti wopempha malo alembe nkhani ya moyo wake monga amachitira mayunivesite osankha. Fomu imakhala yaulere kapena yotsika mtengo, ndipo ambiri amalandira mafomu chaka chonse mpaka makalasi atatsala pang'ono kuyamba. M'zigawo zina, kuphatikizapo California, munthu amene wakwanitsa zaka 18 akhoza kulandiridwa ngakhale alibe satifiketi ya sekondale. Komabe apa pali mfundo imene anthu ambiri saidziwa, yakuti kulandiridwa ndi kupatsidwa thandizo la ndalama ndi nkhani ziwiri zosiyana. Kuyambira mu July 2012 wophunzira watsopano amene alibe satifiketi ya sekondale kapena yofanana nayo sapatsidwa thandizo la boma lalikulu la dziko, kupatula ngati ali m'mapulogalamu ena apadera amene amaphatikiza maphunziro a akuluakulu ndi maphunziro a ntchito. Choncho munthu akhoza kukhala ndi kalata yomulandira m'manja, koma osakhala ndi njira yolipirira ngakhale kalasi imodzi.

Amene tinamaliza sekondale kunja kwa America timafunsidwanso chinthu china. Koleji imafuna kudziwa ngati satifiketi yathu ikufanana ndi ya kuno, ndipo makoleji ambiri amatitumiza ku mabungwe oyima paokha amene ntchito yawo ndi kuunika mapepala a sukulu ochokera kumayiko ena, monga World Education Services kapena Educational Credential Evaluators. Ntchito imeneyi ndi yolipira ndipo imatenga masabata angapo, makamaka ngati bungwelo likufuna kuti mapepala atumizidwe mwachindunji ndi sukulu kapena bungwe la mayeso limene linawapereka. Ndi bwino kufunsa koleji kaye kuti imavomereza mabungwe ati ndiponso kuti ikufuna kuunika kwa mtundu wanji, popeza kuunika kongotsimikiza kuti munthu anamaliza sekondale n'kotsika mtengo kusiyana ndi kuunika phunziro lililonse palokha, kumene kumafunika kwa amene akufuna kuti maphunziro awo a kuyunivesite ya kwina awerengedwe.

Khomo loyamba limene linanditsekereza linali la fizi. Community college imayendetsedwa ndi misonkho ya anthu a m'chigawo ndi a m'deralo, motero mtengo umene wophunzira amalipira umatengera kumene amakhala ndi kutalika kwa nthawi imene wakhalako. Ku California nzika ya chigawocho imalipira madola 46 pa credit iliyonse, mtengo umene unakhazikitsidwa mu 2012, pamene wochokera kunja kwa chigawo amawonjezerapo madola mazana angapo pa credit imodzimodziyo. M'zigawo monga Illinois ndi Texas mitengo imakhala itatu, wa amene amakhala m'dera la kolejiyo, wa amene amakhala m'chigawo momwemo koma kunja kwa deralo, ndi wa ochokera kunja kwa chigawo. Nthawi imene amafuna imasiyananso. Zigawo zambiri zimafuna miyezi 12, California imafuna chaka ndi tsiku limodzi semesita isanayambe pamodzi ndi umboni wakuti munthu akufunadi kukhazikika kumeneko, ndipo ku New York wophunzira amene koleji yake ili kunja kwa county yake, kutanthauza boma laling'ono la dera limene amakhala, amayenera kukatenga chikalata ku county yakeyo chotsimikiza kuti wakhala m'chigawocho chaka chimodzi ndi m'county imeneyo miyezi 6.

Ine ndinali ndi green card, chiphaso chololeza mlendo kukhazikika ku America, ndipo ndinkaganiza kuti imeneyo ndi yokwanira. Bilu itabwera ndinaona kuti andiwerengera mtengo wa mlendo, umene unali woposa kuwirikiza kawiri mtengo umene ndinauona pa tsamba la kolejiyo. Nditapita ku ofesi yoona za kalembera anandifotokozera mwaulemu kuti green card imandipatsa ufulu wokhazikika m'chigawocho, koma miyezi 12 iyenerabe kukwana. Ndinaganiza zodikira semesita imodzi, ndipo nditabwerera ndinakumana ndi vuto lachiwiri, limene linandipweteka kuposa loyamba. Miyezi yanga yoyambirira ndinkakhala kwa m'bale wanga, choncho pangano la lendi linali m'dzina lake, mabilu a magetsi anali m'dzina lake, ndipo chiphaso cha chigawo ndinachedwa kukatenga chifukwa sindinkaona kufunika kwake. Ndinalibe pepala la nyumba kapena la boma losonyeza tsiku limene ndinayamba kukhala kumeneko. Chimene chinandipulumutsa chinali mapepala a malipiro a kuntchito, amene ndinkawasunga m'envulopu popanda cholinga chenicheni, pamodzi ndi kalata imene abwana anga analemba. Kwa aliyense amene wangofika kumene ndipo ali ndi maganizo odzaphunzira, ndikunena motsindika kuti atenge chiphaso cha chigawo kapena laisensi m'masabata oyambirira, atsegule akaunti ya kubanki yokhala ndi keyala ya kumene akukhala, ndipo asataye pepala lililonse lokhala ndi dzina lake, keyala ndi tsiku. Ofesi ya kalembera imawerenga miyezi kuchokera pa tsiku limene pepala likusonyeza, ndipo mawu a pakamwa sawalandira.

Khomo lachiwiri ndi limene ndikufuna kukhalapo nthawi yaitali, chifukwa ndi limene ndikuliona kuti lawononga zaka za anthu ambiri mwakachetechete. Popeza koleji imalandira aliyense, imafuna njira yodziwira kalasi ya masamu ndi ya Chingerezi imene munthu ayenera kuyambira. Kwa zaka zambiri njira imeneyi inali mayeso a pa kompyuta oyeza mlingo wa wophunzira. Odziwika kwambiri ndi ACCUPLACER, amene amakonzedwa ndi College Board. Panalinso COMPASS ya bungwe la ACT, imene inasiyidwa mu 2016, ndipo chigawo cha Texas chili ndi mayeso akeake otchedwa TSI. Wophunzira amauzidwa kuti mayesowa alibe kukhoza kapena kulephera, ndipo mawuwo ndi oona m'lingaliro lakuti palibe amene amabwezedwa chifukwa cha zotsatira zake. Koma amene wapeza mapointi ochepa amaikidwa m'makalasi okonzekeretsa, amene amalipiridwa monga makalasi ena onse, amatenga semesita yathunthu iliyonse, koma ma credit ake sawerengedwa pa 60 aja a digiri. Munthu woikidwa milingo itatu pansi amafunika masemesita atatu asanaloledwe kulowa kalasi yoyamba ya masamu imene imawerengedwa, ndipo pakati pa semesita ndi inzake pamakhala mpata woti ntchito isinthe, mwana adwale kapena ndalama zithe.

Ine ndinalemba mayeso amenewa m'mawa, nditangoweruka ku ntchito ya usiku, popanda kukonzekera chilichonse, chifukwa ndinamva kuti palibe kulephera. Ndinali ndisanagwire algebra kwa zaka pafupifupi 20. Mafunso ake amasintha malinga ndi mmene munthu akuyankhira, moti ukalakwitsa oyambirira kompyuta imakupatsa osavuta ndipo imakuika pansi. Ndinaikidwa milingo iwiri pansi pa kalasi imene unamwino umafuna. Ndinavomereza zotsatirazo monga chigamulo, ndinalembetsa kalasi yotsikitsitsayo, ndipo m'sabata yachitatu ndinazindikira kuti zonse zimene tinkaphunzira ndinkazidziwa, zinangofunika kukumbutsidwa. Alangizi anga, mayi wachikulire amene ndimawathokoza mpaka lero, ndi amene anadzandifunsa pambuyo pake kuti, “Mayi, kodi simunadziwe kuti mukanatha kulembanso mayesowo mutawerenga kwa masabata awiri?” Sindinadziwe, ndipo sindinafunse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo phula limene ndinadya linali semesita yathunthu pamodzi ndi fizi yake.

Panalinso nkhani ya Chingerezi. Chifukwa chakuti pa fomu ndinalemba kuti chiyankhulo changa choyamba si Chingerezi, ananditumiza ku mayeso a anthu amene akuphunzira chiyankhulocho kumene, ngakhale kuti sukulu yanga ya sekondale yonse ndinaichita m'Chingerezi. Apa pokha ndinalimba mtima n'kufotokoza, ndipo anandilola kulemba mayeso a ophunzira ena onse. Makalasi a ESL, ophunzitsa Chingerezi kwa anthu a ziyankhulo zina, ndi abwino kwambiri kwa amene akuwafunadi, ndipo sindikuwanyoza ngakhale pang'ono, koma amene sakuwafuna ayenera kudziwa kuti ali ndi ufulu wofunsa.

Malamulo a mbali imeneyi asintha kwambiri m'zaka zapitazi, ndipo ine ndikuona kuti asinthira kwabwino. Florida inakhazikitsa lamulo mu 2013 lakuti ophunzira ambiri amene anamaliza sekondale ya boma ya m'chigawocho, komanso asilikali amene ali pa ntchito, asamakakamizidwe kulemba mayeso oyeza mlingo kapena kulowa makalasi okonzekeretsa. California inatsatira ndi lamulo lotchedwa AB 705 mu 2017, limene linalamula makoleji kuti aziyang'ana magiredi a kusekondale poika ophunzira m'makalasi, ndipo lamulo la AB 1705 la 2022 linachepetsanso kwambiri makalasi okonzekeretsa. M'malo ambiri tsopano wophunzira wofooka pa masamu amalowa mwachindunji kalasi yowerengedwa, ndipo amapatsidwa maola owonjezera a chithandizo m'semesita yomweyo. Aphunzitsi ena amadandaula kuti njira imeneyi imasiya m'mbuyo amene akufunikadi kuyambira pansi, ndipo dandaulo lawo ndimalimva, chifukwa ndinakhala m'kalasi limodzi ndi bambo wina amene anasiya sukulu ali mwana, ndipo kwa iye kalasi yoyambira pansi inali mpumulo. Komabe pa zimene ndinaona ndi maso anga, oikidwa pansi mosayenera anali ochuluka kuposa okwezedwa mosayenera. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti kusinthaku kumadalira magiredi a sekondale ya ku America, amene munthu wachikulire wochokera kudziko lina alibe, choncho iye amatumizidwabe ku mayeso kapena amapemphedwa kuti adzisankhire mlingo mothandizidwa ndi mlangizi. Amene ali m'gulu limeneli awerenge asanalembe, popeza mafunso oyeserera amapezeka aulere pa intaneti, ndipo afunse malamulo obwerezera mayeso asanakhale pa kompyutayo.

Nkhani ya ndalama imayamba ndi fomu yopemphera thandizo la boma yotchedwa FAFSA, imene ndi yaulere ndipo imadzazidwa chaka chilichonse. Nzika za America, eni green card, othawa kwawo ovomerezeka ndi magulu ena ochepa ndi amene amaloledwa kulandira thandizo la boma lalikulu. Lodziwika kwambiri ndi Pell Grant, ndalama zosabweza zimene m'chaka cha maphunziro cha 2024 mpaka 2025 zinkafika madola 7,395 kwa wophunzira wosowa kwambiri amene akuphunzira nthawi yonse, kutanthauza ma credit 12 kapena kuposerapo pa semesita. Pa community college zambiri ndalama zimenezi zimakwanira fizi yonse ya nzika ya chigawo. Zigawo zina zinawonjezera mapulogalamu awoawo, monga Tennessee Promise, imene inayamba kulipirira omaliza sekondale mu 2015, ndi Tennessee Reconnect ya akuluakulu, imene inatsatira mu 2018. Pa fomu yolowera koleji pamakhala funso looneka laling'ono, lofunsa ngati munthu akufuna digiri kapena satifiketi, kapena akungofuna kutenga makalasi ochepa. Amene wasankha yankho lachiwirilo chifukwa chakuti sanatsimikize chimene akufuna kuphunzira amadzitsekera yekha thandizo, popeza limaperekedwa kwa okhawo amene alembetsa pulogalamu yovomerezeka.

Thandizoli lili ndi malamulo osungira, ndipo ambiri amawamva koyamba atawaphwanya kale. Wophunzira ayenera kusunga GPA, kutanthauza avareji ya magiredi ake, yosachepera 2.0, ayenera kumaliza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ma credit onse amene walembetsa, ndipo ayenera kumaliza pulogalamu yake asanapitirire kamodzi ndi theka ka utali wake, kutanthauza ma credit 90 pa digiri ya ma credit 60. Pell Grant imatha munthu akailandira kwa nthawi yofanana ndi masemesita 12 a nthawi yonse pa moyo wake wonse, ndipo makalasi okonzekeretsa amene boma limalipira sapitirira ma credit 30. Palinso kusiyana pakati pa kuchotsa kalasi m'masiku oyambirira a semesita, pamene fizi imabwezedwa ndipo palibe chimene chimalembedwa, ndi kuisiya pambuyo pake, pamene pa chikalata cha magiredi pamalembedwa W. Chilembo chimenechi sichitsitsa GPA, koma chimawerengedwa monga kalasi imene munthu analembetsa osaimaliza. Amene wasiya makalasi onse semesita isanafike pa 60 peresenti ya utali wake amayenera kubweza gawo la thandizo limene analandira, ndipo ngongole imeneyo ikhoza kumutsekereza kulembetsanso. Mnzanga wina wa kuntchito anangosiya kupita m'kalasi mayi ake atadwala, osauza ofesi iliyonse, ndipo pamene ankafuna kubwerera patapita zaka ziwiri anapeza magiredi olephera ndi ngongole zikumudikira. Akanalemba kalata imodzi yofotokoza za matendawo, zinthu zikanamupepukira, chifukwa makoleji ali ndi njira yochitira apilo pa zifukwa zotere.

Kwa amene akufuna kuchokera kunja kwa America kudzaphunzira, nkhani yonse ndi yosiyana, ndipo ndikupempha makolo amene akufunira ana awo malo kuti aimvetse bwino. Koleji iyenera kukhala yovomerezeka ndi boma kulandira ophunzira akunja kuti ithe kupereka fomu ya I-20, imene ndi maziko a viza ya ophunzira yotchedwa F-1. Isanapereke fomuyo imafuna mapepala a sukulu, umboni wa Chingerezi monga TOEFL, IELTS kapena Duolingo English Test pokhapokha itamuchotsera wophunzirayo lamulo limeneli, ndiponso mapepala a kubanki osonyeza kuti pali ndalama zokwanira fizi ndi zokhalira kwa chaka chimodzi chathunthu. Kenako pamabwera malipiro a madola 350 a SEVIS, kaundula wa boma wa ophunzira akunja, malipiro a viza, ndi kuonana ndi ogwira ntchito ku ofesi ya kazembe, amene amafuna kukhutira kuti wophunzirayo adzabwerera kwawo akamaliza. Kalata ya koleji si lonjezo la viza. Wophunzira wa F-1 ayenera kutenga ma credit osachepera 12 semesita iliyonse, ndipo pa ma credit amenewo kalasi imodzi yokha ndi imene ingakhale ya pa intaneti. Amaloledwa kugwira ntchito ya pa koleji pomwepo kwa maola osapitirira 20 pa sabata pamene sukulu ili mkati, salandira Pell Grant, ndipo kawirikawiri amalipira mtengo wa mlendo ngakhale atakhala zaka zingati. Makoleji ambiri a mtundu umenewu alibe nyumba zogona ophunzira, choncho lendi ndi mayendedwe ziyenera kulowa m'chiwerengero. Amene analowa m'dzikoli ndi viza ya mlendo wodzacheza saloledwa kuyamba maphunziro a digiri mpaka boma litavomereza kusintha kwa viza yake. Ndimamva chisoni ndikamva kuti banja lapereka ndalama zambiri kwa munthu amene walonjeza kuti awapezera malo pa community college, chifukwa malowo akanawapeza okha polembera ofesi ya ophunzira akunja ya kolejiyo, imene keyala yake ili poyera pa intaneti.

Pali zina zing'onozing'ono zimene zimatseka kalembera ngati zaiwalika. Ku New York wophunzira wobadwa kuyambira pa 1 January 1957 amene akutenga ma credit 6 kapena kuposerapo ayenera kusonyeza umboni wa katemera wa chikuku, matsagwidi ndi rubella, ndipo ku Texas ophunzira atsopano osakwana zaka 22 ayenera kusonyeza katemera wa matenda oumitsa khosi. Wophunzira wolumala ali ndi ufulu wopatsidwa chithandizo choyenera, koma ayenera kukadzionetsa yekha ku ofesi yoona za olumala ndi mapepala ake, popeza zimene ankachitiridwa ku sekondale sizimusatira zokha. Makolo nawonso adziwe kuti lamulo la FERPA la 1974 limapereka ulamuliro wa mbiri ya maphunziro kwa wophunzira mwiniwake akangolowa koleji, moti ofesi siuza kholo magiredi a mwana wake popanda chilolezo cholembedwa, kupatula pa zifukwa zochepa zimene lamulolo limatchula.

Amene cholinga chake ndi kudzapitiriza ku yunivesite aziganizira zimenezi kuyambira pa tsiku lodzaza fomu, chifukwa madigiri a associate sali amtundu umodzi. Associate of Arts ndi Associate of Science anakonzedwa kuti ma credit ake asamutsidwe, pamene Associate of Applied Science inakonzedwa kuti munthu akalowe ntchito, ndipo gawo la ma credit ake likhoza kukanidwa ku yunivesite. Florida imalonjeza amene wamaliza Associate of Arts pa koleji ya boma malo pa imodzi mwa mayunivesite a boma a chigawocho, ndipo California, kuchokera pa lamulo la 2010, ili ndi digiri yapadera yosamutsira imene imalonjeza malo mu California State University. M'zigawo zonse ziwiri lonjezolo ndi la malo penapake m'mayunivesitewo, si la yunivesite imene munthu akuifuna kapena la pulogalamu ina iliyonse imene angatchule.

Khomo lomaliza kwa ine linali la unamwino weniweniwo. Kulandiridwa ku koleji sikutanthauza kulandiridwa ku pulogalamu iliyonse ya pa kolejiyo. Unamwino, ntchito yosamalira mano, ntchito yojambula odwala ndi makina a ekisire ndi maphunziro ena a zachipatala ali ndi malo owerengeka, chifukwa wophunzira aliyense amafunika malo ophunzirira ntchito m'chipatala ndi mphunzitsi womuyang'anira pa odwala. Mapulogalamu amenewa amasankha, ndipo nthawi zina amasankha mouma kuposa mayunivesite. Munthu amayamba wamaliza makalasi oyambirira monga anatomy ndi physiology, microbiology, masamu ndi Chingerezi, amalemba mayeso olowera monga TEAS kapena HESI, kenako amadzaza fomu yachiwiri imene ili ndi tsiku lake lomaliza, kawirikawiri kamodzi kapena kawiri pa chaka. Makoleji ena amasankha ndi mapointi, ena amasunga mndandanda wa odikira, ndipo ena amachita maere pakati pa amene akwaniritsa zofunika. Ambiri amachepetsa maulendo amene munthu angabwereze kalasi ya sayansi, ndipo ena salandira magiredi a sayansi amene apitirira zaka zingapo. Giredi ya C imakwanira kuti munthu akhoze kalasi, koma pamene akusankha ndi mapointi imasiya munthu kumapeto kwa mzere.

Ulendo woyamba sindinasankhidwe. Ndinali nditatenga anatomy ndi microbiology m'semesita imodzi uku ndikugwira ntchito usiku, pofuna kubwezeretsa nthawi imene ndinataya pa masamu aja, ndipo giredi ya anatomy inatsika. Alangizi anga anakhala nane pansi ndi pepala la mapointi, limene linali pa tsamba la kolejiyo kuyambira kale, ndipo tinawerengera limodzi pamene ndinaperewera. Ndinachepetsa maola a ntchito, ndinabwereza kalasi imodziyo, ndinalembanso TEAS nditawerenga miyezi iwiri, ndipo ndinaperekanso satifiketi yanga yosamalira odwala, imene pa koleji yathu inkawonjezera mapointi koma ulendo woyamba sindinaitchule n'komwe.

Kalata yachiwiri inatenga miyezi inayi kuti ifike. Inali yaifupi kuposa yoyamba ija, ndipo pansi pa mawu ondilandira panali zinthu zoti ndichite lisanakwane tsiku limene anaika: kufufuzidwa ngati ndili ndi mbiri ya milandu, kuyezedwa mankhwala osokoneza bongo, kuyezedwa chifuwa chachikulu, kusonyeza makadi a katemera, ndi kupereka satifiketi imene sinathe ntchito ya CPR, luso lotsitsimutsa munthu amene mtima wake waima. Kalatayo inanena momveka kuti amene aphonye tsikulo malo ake aperekedwa kwa wotsatira pa mndandanda wa odikira. Ndinaiwerenga mpaka kumapeto kawiri, ndinaimbira foni ofesi ya pulogalamuyo kufunsa za katemera mmodzi amene khadi lake ndinalibe, anandiuza kuti kuyezetsa magazi kukhoza kulowa m'malo mwa khadilo, ndipo ndinakapereka mapepala onse kutatsala sabata imodzi.